Mutu 5: Tsiku Lounika Mitima

1. Nyimbo yodukira pakati

Maral anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mwana wa oweta nkhosa kumapiri a Zavkhan. Kwawo kunali kutali, ulendo wa maola anayi pa njinga yamoto, choncho iye ankagonera kusukulu konko pamodzi ndi ana ena a oweta ziweto.

Pasukulupo panalibe wosamudziwa. Mtsikanayu ankaimba nyimbo zazitali zamakolo, zija amakoka liwu limodzi mpaka womvera kuyamba kubanika m'malo mwa woimbayo. Mpikisano wa sukulu zonse za m'chigawo unali utatsala masabata atatu, ndipo amene anasankhidwa kukaimira sukuluyo anali iyeyo.

Lolemba masana aphunzitsi a nyimbo, a Gombo, anamuitana kuti akonzekere. Iwo anakhala pampando, nakhazika kaligo wawo wosemedwa mutu wa hatchi kunsonga pakati pa mawondo, n'kuyamba kuliza.

Maral anaiyamba bwino nyimboyo. Mawu anakwera, anakwera, koma asanafike pachimake anaduka ngati ulusi wofuka. Mtsikana uja anagwira tebulo akupuma wefuwefu.

"Bwereza," anatero a Gombo.

Anabwereza. Mawu anadukanso pamalo omwewo. Kachitatu sanafike n'komwe pamenepo.

A Gombo anatsitsa uta wa kaligo. "Iwe mwana, mpweya wako waubwereketsa kwa yani? Chaka chatha unkafika kumapeto, wina n'kutsalako wogawira anzako."

"Ndi chimfine, aphunzitsi."

"Chimfine chanji chopanda mamina? Chabwino. Mawa kukubwera madokotala ochokera kumzinda waukulu wa Ulaanbaatar ndi makina ounikira mitima ya ana nonse. Akachionenso chimfine chakocho."

Sichinali chimfine ayi. Vutoli linayamba m'chilimwe ali kwawo, pamene ankati akathamangitsa mwanawankhosa pang'ono, befu linkamugwira. Atabwerera kusukulu, masitepe a nyumba yogona anasanduka phiri. Ankaima pakati n'kumanamizira kumanga chingwe cha nsapato. Pogona ankasanjikiza chikhoti pamwamba pa pilo, chifukwa akagona chagada mpweya unkamuthawa.

Amene ankadziwa zonsezi anali munthu mmodzi yekha, msuweni wake Undraa.

2. Nzeru za Undraa

Undraa anali mwana wa amalume ake a Maral. Awiriwa anali a msinkhu umodzi, ofanana mphumi ndi mphuno, koma anali m'makalasi osiyana. Kalasi la Undraa linaunikidwa Lachiwiri m'mawa, ndipo la Maral linauzidwa kuti lidikire masana.

Pa nthawi ya tiyi Undraa anafika akudzithyolathyola, nakhala pafupi ndi msuweni wake.

"Ine zanga zatheka. Akuti mtima wanga ndi wa ngamira."

"Nanga nzeru zako akuti ndi za nyama yanji?" anafunsa Maral.

"Zimenezo makina awo sangazikwanitse." Undraa anamwa tiyi wake wamkaka, kenako anatsitsa mawu. "Koma wamva za Batzorig, uja wa m'kalasi lachisanu ndi chitatu? Am'peza nalo vuto. Am'chotsa kale pagulu la ogwetsana. Akuti apita naye kumzinda kuti akam'ng'ambe pachifuwa n'kupisamo dzanja, monga achitira ababa ako popha nkhosa."

"Bodza iwe!"

"Wandiuza ndi mtsikana amene wamva kwa mlongo wake weniweni."

Maral anakankhira kapu yake kumbali. Tiyi sanalowenso.

Undraa anamuyang'ana kwa kanthawi. "Tamvera, ine ndaganiza. Nesi woitana mayinayo ndi mlendo. Ana tilipo mazana atatu, tonse masaya ofiira ndi mphepo. Angadziwe kuti uyu ndi ndani? Ndimasula tsitsi, ndivala juzi lako lobiriwiralo. Akaitana dzina lako, ndilowa ndine. Mtima wa ngamira uunikidwa kawiri, basi nkhani yatha."

"Nanga anzanga a m'kalasi?"

"Mukupita asanuasanu. Anayi enawo ndiwatseka pakamwa ndi timibulu ta mkaka wouma tomwe amayi ananditumizira. Lero si tsiku lako lothandiza kukhitchini? Ukakhale komweko mpaka galimoto yawo inyamuke. Ukapambane kaye mpikisano. Za matendazo tidzaziona pambuyo."

Maral anayang'ana pazenera, pamene galimoto yoyera ya madokotala inaima pafupi ndi mulu wa malasha. Kenako anavula juzi lake, nalipereka pansi pa tebulo.

3. Wotchi ya a Pagma

Wophika wa ana ogonera anali a Pagma, mayi wa imvi zambiri ndi mawu ochepa. Ana ankanong'onezana kuti mayiwa anameza wotchi ali mtsikana, chifukwa kukhitchini kukakhala zii, munthu ankamva kanthu kakulira mwa iwo.

Masana amenewo a Pagma anatuma Maral kukatenga mbatatesi m'chipinda chosungira zakudya. Pobwera nayo ndowa, mtsikana uja anaitula kawiri panjira, ngakhale kuti mtunda wake unali wa mapazi makumi awiri okha.

"Siya ndowayo," anatero a Pagma. "Juzi lako lobiriwira lili kuti? Kunja kukuzizira chonchi."

"Ndabwereka Undraa, azakhali."

"Ndamuona. Wamasulanso tsitsi ngati akupita ku ukwati. Tabwera kuno. Ika khutu lako apa."

Maral anachita manyazi, koma anaika khutu pachifuwa pa mayiwo. Anamva bwinobwino: thi, thi, thi, thi.

"Imeneyo ndiyo wotchi mumanena ija. Mumayesa sindimva? Khala pabenchipo, uzisenda mbatatesi uku ukumvera.

"Ine ndili ndi zaka khumi ndinadwala zilonda zapakhosi. Amayi anandimwetsa msuzi wotentha wa nkhosa, nandikulunga mpango, ndipo zinapola. Patapita masabata atatu thupi linatentha, mfundo zinatupa. Lero bondo ili, mawa chigongono icho. Akuluakulu anati ndi kukula, mafupa akutalika. Zinathanso zokha. Palibe anadziwa kuti nthendayo yangosamuka m'mawondo n'kukabisala mu mtima.

"Befu linandiyamba ndili wamkulupo pang'ono kuposa iwe. Ndinabisa. Ndinkaopa kuti anthu azinena kuti mwana wa a Chuluun ndi waulesi, palibe adzamukwatire. Ndikatopa pokama ng'ombe ndinkati ndikudikira kuti mkaka utsike. Ndikaima panjira ndinkati ndikuyang'ana nyengo. Mabodza a munthu wa befu ndimawadziwa onse, mwanawe, kuphatikizapo la chingwe cha nsapato.

"Zaka khumi ndikubisa. Tsiku loulula linabwera lokha, ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Mapazi anatupa osalowa m'nsapato, ndinayamba kutsokomola magazi. Anandinyamula pa lole, masiku awiri ulendo wa kumzinda. Ine ndinapulumuka. Mwana uja sindinamunyamule m'manja."

A Pagma anamasula batani lapamwamba la malaya awo. Chipsera choyera chinatsika kuchokera pansi pa khosi n'kukalowa m'kati.

"Patapita chaka anandidula apa. Mu mtima muli kachitseko, ndipo kanga kanali katauma gwa ngati chikopa chakale. Anakachotsa n'kuikapo kachitsulo. Ndi kamene wamvako. Moyo ndili nawo, sindidandaula. Koma tsiku ndi tsiku ndimamwa mankhwala oti magazi asaundane, mwezi ndi mwezi ndimapita kukatengedwa magazi, ndipo ndikadzicheka ndi mpeni uwu, magazi sasiya msanga. Dokotala amene anandidula anandiuza mawu amene sindiiwala. Anati, 'Mayi, mukanabwera zaka khumi zapitazo, mwina sitikanafika pa mpeni.'

"Nthawi yathu makina amenewa sankatipeza kumapiri kuno. Iwe lero akulondola mpaka pakhomo pa kalasi, ndiye ukuwatumizira mtima wa mnzako. Akuluakulu anati abisa matenda, maliro tidzamva. Ine sindikukanenezani kwa aliyense, yanga ntchito ndi miphika. Koma udziwe ichi. Makinawo ukawanamiza sataya kanthu. Madzulo ano akwera galimoto n'kumapita. Mtimawo utsala ndi iwe."

Atatero anatembenukira kumphika wawo n'kuyamba kutakasa, ngati kuti sananene kanthu.

Maral anatsiriza kusenda mbatatesi imene inali m'manja mwake. Anaiponya m'madzi, napukuta manja pa siketi.

"Azakhali, ndikubwera."

"Usathamange," anatero a Pagma osacheuka.

4. Dzina limodzi, atsikana awiri

Madokotala ankagwirira ntchito m'chipinda cha mabuku, pamwamba. Maral anakwera masitepe pang'onopang'ono. Atafika pakati anaima kuti apume, koma ulendo uno sanawerame kugwira nsapato.

M'khonde munali benchi. Anzake anayi a m'kalasi anakhala pamenepo, masaya ali tutumutu ndi timibulu ta mkaka wouma. Kumapeto kwa benchi kunali Undraa, tsitsi lili pamaso, juzi lobiriwira lili m'thupi.

Chitseko chinatseguka. Mnyamata wina anatuluka akulowetsa malaya, ndipo nesi anasuzumira ali ndi pepala m'manja.

"Maral wa a Dambii!"

Undraa anaimirira. Nthawi yomweyo mawu anamveka kumbuyo kwake.

"Ndilipo."

Nesi anayang'ana uyu, nayang'ana uyo. "Kodi a Dambii anabereka a Maral angati?"

"Mmodzi," anatero Maral. "Ndine. Uyu amangondisungira malo."

Ana anayi aja anasiya kutafuna. Undraa anamugwira mkono msuweni wake n'kumunong'oneza mwaukali. "Wapenga iwe? Zonse ndakonza kale! Mkaka wanga wonse wapita!"

"Bweza juzi langa, ndikuzizidwa."

"Maral, akakupeza nalo akudula!"

"Ngati lilipo, lilipo ndithu. Ukalowa iweyo silichoka."

Nesi anagogoda pepala ndi cholembera. "Atsikana inu, milandu ya majuzi mukaweruzane kwanu. Mwini dzina alowe."

Maral analowa.

5. Chipata chotsegulidwa theka

M'chipindamo munali bedi laling'ono, ndipo pambali pake panali makina okhala ndi kanema. Dokotala anali mayi wa magalasi, dzina lake Tuvshin. Anamuuza Maral kuti agone chakumanzere.

"Pali chimene chimakuvuta?" anafunsa dokotalayo.

Maral anaulula zonse: za masitepe, za chikhoti pamwamba pa pilo, za chifuwa chouma, za nyimbo yodukira pakati.

"Unayamba wadwalapo zilonda zapakhosi?"

"Chaka chilichonse m'nyengo yozizira, adokotala. Tonse m'chipinda mwathu timapatsirana."

"Nanga kutupa mfundo?"

"Kamodzi, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sabata ziwiri sindinayende. Agogo anati ndinagwa pahatchi osazindikira."

Dokotala Tuvshin anamupaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuyamba kuyendetsapo kachida kounikira. Anayeza apa, nayeza apo. Maral anatseka maso.

"Tsegula maso, uone mtima wako. Si aliyense amapeza mwayi woterewu."

Pakanema panali chinthu chotuwa chikugundagunda.

"Mtima uli ndi zipinda zinayi," anatero dokotala uja akuloza. "Ichi chapamwamba kumanzereku chimalandira magazi ochokera m'mapapo. Chimawapereka ku ichi chapansichi, chomwe chimawapopera thupi lonse. Pakati pa ziwirizi pali kachitseko ka zibenthu ziwiri. Ife timakatchula kuti valavu ya mayitralo. Ntchito yake n'kutseguka kuti magazi adutse, kenako n'kutseka kuti asabwerere.

"Kachitseko kameneka kamawonongeka m'njira ziwiri. Mwina kamalephera kutseka bwino, magazi n'kumadontha chobwerera. Mwina kamalephera kutseguka bwino, njira n'kuchepa. Kwa ena kamatha ndi ukalamba, ena amabadwa nako kopunduka. Koma kwa ana a kuno, kawirikawiri gwero lake ndi zilonda zapakhosi zosalandira mankhwala oyenera. Asilikali a m'thupi akamamenyana ndi tizilombo tapakhosito, nthawi zina amasokonezeka n'kuyamba kumenya pakhomo pawo pomwe. Amamenya mfundo, amamenyanso kachitsekoka. Mfundo zimapola, koma kachitseko kamatsala ndi zipsera."

"Kanga kali bwanji?"

"Kako kachepa njira. Zibenthu zake zamatana m'mbali. Kwanu mukatsegula chipata cha khola theka lokha, nkhosa zimatani?"

"Zimapanikizana m'kati."

"Ndi zimene magazi ako akuchita. Akupanikizana kumbuyo, mpaka m'mapapo. Befu lakolo likuchokera pamenepo."

Maral anagwira chinsalu cha pabedi mwamphamvu. Funso linatuluka ndi mawu aang'ono. "Ndiye mundidula?"

"Ayi."

"Ayi?"

"Ayi, mwanawe. Taona apa. Zibenthu zako zidakali zofewa, zikupindika bwino, sizinaume. Kachitseko kotere timakatsegula popanda mpeni. Timalowetsa kapaipi kakang'ono mu mtsempha wa pantchafu, n'kukayendetsa mpaka mu mtima. Kunsonga kwake kuli kabaluni. Tikakafufumitsa, malo omatana aja amalekana, chipata n'kutseguka. M'chipatala ukhalamo masiku awiri kapena atatu. Chipsera chake ngati poluma udzudzu."

Maral anatulutsa mpweya umene anausunga nthawi yonseyi. Misozi inatsikira m'khutu, koma pakamwa pankaseka.

"Anandiuza kuti mumapisa dzanja ngati popha nkhosa."

Nesi anaphulika kuseka, mpaka pepala linagwa pansi. Dokotala Tuvshin anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Sukulu iliyonse imene tapita ili ndi madokotala ake a m'khonde," anatero. "Koma tsopano tchera khutu, chifukwa izi ndi zofunika kuposa baluni. Tizilombo tapakhosi tija tikabweranso, asilikali aja adzamenyanso pamalo omwewo. Choncho uzibayidwa jakisoni wa penisilini masabata anayi aliwonse, pachipatala cha pano. Osati mwezi umodzi, osati chaka chimodzi. Zaka zambiri, mpaka ife tidzanene kuti basi. Amapweteka, sindikunamiza. Koma ndi amene asunge kachitseko kako. Kudumpha jakisoni mmodzi ndi kusiya khola lotsegula mimbulu ili pafupi.

"Ndikupatsanso timapiritsi tochepetsa madzi m'mapapo. Uzitsuka mano bwino, chifukwa tizilombo ta m'kamwa timakonda kachitseko kovulala. Ndowa zolemera, kuthamanga, mpikisano wa hatchi, zonsezo ziyambe zaima. Baluni tidzapangira kumzinda pa tchuthi chikubwerachi. Sindikulonjeza kuti kachitsekoka kadzabwerera ngati katsopano. Chaka ndi chaka tizikuunika, ndipo mwina ukadzakula padzafunika chithandizo china. Koma wabwera nthawi yabwino. Ukanachedwa zaka zingapo, tikanakamba nkhani ina."

Maral anadzuka n'kukhala pabedi. Panatsala funso limodzi.

"Adokotala, ine ndimaimba. Mpikisano uli patsogolopa. Mundichotsa?"

"Taimba timve."

Mtsikana uja anazengereza, kenako anayamba motsitsa. Mawu anadzaza chipinda cha mabuku. Atafika pamene amadukira paja, anaima yekha n'kupuma.

"Kuimba sindikukuletsa," anatero dokotala. "Ukamva befu, puma. Usakakamize mpweya umene palibe. Ukauze aphunzitsi ako zoona zokhazokha, iwo adziwa chochita."

Analemba kalata, naipinda. "Iyi ndi ya makolo ako. Asayine, chifukwa jakisoni ndi baluni sizingayambe popanda chilolezo chawo."

6. Mpweya watsopano

Maral atatuluka anapeza Undraa atakhala pansi m'khonde, juzi lobiriwira ali nalo m'manja, maso ali psu.

"Akudula liti?"

"Sandidula."

"Usandinamize, Maral."

"Zoona. Alowetsa kabaluni kudzera pantchafu. Ndipo kumpikisano ndikupita."

Undraa anadumpha n'kumukumbatira, kenako anamusiya msanga. "Pepa, ndingakuphwanyire chitseko." Anapukuta mphuno ndi dzanja la juzi lija. "Ndiye kuti ndikanalowa ine..."

"Akanalemba kuti Maral ali ndi mtima wa ngamira."

"Ine chitsiru eti?"

"Kuyambira kalekale. Juzilo ukachape usanabweze."

Atachoka apo anapita kwa a Gombo, omwe ankakonza zingwe za kaligo. Maral anaima pakhomo nafotokoza zonse, osasiyako ngakhale za juzi. Aphunzitsiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Miyezi iwiri ndakhala ndikukukalipira kuti ukuchita ulesi, ukanangonena. Mwana iwe, woimba wabwino si amene sapuma ayi. Ndi amene adziwa popumira. Agogo anga ankaimba ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, mpweya uli wochepa ngati wa mpheta, koma anthu ankalira. Bweretsa cholembera. Pamene umapuma kamodzi tiikapo kawiri, ine ndizikuphimba ndi kaligo. Oweruza akadandaula, adzaimbe okha."

Anayesa. Maral anapuma pamalo atsopanowo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire chaka cha sukulu anaifikitsa nyimboyo kumapeto.

Kukhitchini a Pagma sanafunse zambiri. Anangoyang'ana kalata imene inali m'manja mwa mtsikanayo.

"Mpeni?"

"Ayi, azakhali. Baluni ndi majakisoni."

Mayiwo anakhala pabenchi mwadzidzidzi. Anapukuta nkhope ndi epuloni. Kenako anadzuka, natunga msuzi m'mbale yaikulu, n'kusankhamo nyama zonona zokhazokha.

"Idya. Ndipo kuyambira lero ndowa azinyamula msuweni wako uja. Mphamvu zopangira ziwembu ali nazo zambiri."

Dzuwa lisanalowe, Maral anapempha foni kwa mayi woyang'anira nyumba yogona. Kwawo kumapiri foni ankaipachika pamtengo womangirirapo hatchi, chifukwa ndi pokhapo pamene inkagwira. Inaitana nthawi yaitali asanayankhe.

Anayankha ndi amayi ake. Maral anafotokoza pang'onopang'ono, monga mmene dokotala anafotokozera. Amayiwo analira, kenako anaseka, kenako analiranso.

"Ndinkaona ine m'chilimwe muja kuti mwana wanga sali bwino, koma ndinkaopa kufunsa. Wachita bwino kunena, mwana wanga. Wachita bwino. Ndiye akuti sakudula? Tathokoza, tathokoza."

"Pangofunika kuti ababa asayine kalata, amayi."

Kumbali inayo kunamveka kunong'onezana, ndi mphepo ikuwomba pafoni. Kenako kunabwera mawu aakulu a bambo ake, a Dambii.

"Maral."

"Ababa."

"Ndamva zonse. Mwana wodwala mtima sakhala kwa anthu. Ndipo palibe munthu adzalowetse waya mu mtima wa mwana wanga ine ndili moyo. Longedza katundu wako yense, ndi mabuku omwe. Mawa dzuwa likamafika pamutu ndikhala ndafika."

"Koma ababa, jakisoni amabayira kuno. Kwathu kulibe chipa..."

Foni inaduka.

Maral anaima m'khondemo, foni kudzanja ili, kalata kudzanja ilo. Undraa, amene anamva zonse, anamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Ndiye titani?"

"Za kubisala usayambe n'komwe," anatero Maral. Anapinda kalata ija n'kuiika m'thumba la siketi. "Ababa samva za mwana, samvanso za dokotala wa kumzinda. Tiye kukhitchini. Tikafunse a Pagma ngati mawa angalole kuti munthu wina aikenso khutu pachifuwa pawo."